Bwinja Lokhala ndi Eni Ake: Kuunika Zithunzi za Grande Hotel ya ku Beira

Mudzi ukasamuka, pamalo pamene udali pamatsala bwinja. Mlendo wodutsa pabwinjapo amangoona thengo, koma munthu wamkulu amene adakulira pomwepo amawerenga malowo ngati kalata. Akaona mitengo ya mango itaima mozungulira amadziwa kuti apa padali bwalo. Akapunthwa pa mafuwa atatu okwiririka m'dothi amati apa ndi pamene ankaphikira auje, ndipo akatola phale amakumbuka dzanja limene lidaumba mbiyayo. Bwinja silinena kanthu palokha. Limayankhula kudzera mwa munthu amene akuliyang'ana, ndipo zimene limanena zimadalira zimene munthuyo akudziwa kale ndiponso zimene mtima wake ukufuna kumva.

M'mizinda namonso mumapezeka mabwinja, kungoti awa amakhala a simenti ndi zitsulo, ndipo sagwa msanga monga zichitira nyumba zadothi. Mabwinja otere amakopa kwambiri akatswiri ojambula zithunzi, makamaka pakamveka mphekesera zoti nyumbayo igwetsedwa. Wojambula amathamangirako ndi kamera yake poopa kuti akachedwa akapeza pali mbee. Chimangirizo chino chikuunika zithunzi za nyumba imodzi yotere, Grande Hotel ya mumzinda wa Beira ku Mozambique, zimene adajambula Guy Tillim wa ku South Africa ndi kuziika m'buku lake lotchedwa Avenue Patrice Lumumba, lomwe lidatuluka m'chaka cha 2008. Funso lofunika kuliyankha ndi ili: kodi zithunzi zokongola za nyumba yowonongeka zimanena zoona zokwanira, makamaka ngati m'nyumbamo mukukhala anthu?

Mzinda wa Beira si wachilendo kwa Amalawi. Uli m'mphepete mwa nyanja yamchere ya India, pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanjamo, ndipo kwa zaka zambiri udali doko lalikulu lodzera katundu wa dziko la Nyasaland. Mlatho wa Dona Ana utatha kumangidwa pamtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1935, sitima yapamtunda inkachoka ku Limbe ndi kukafika ku Beira popanda kutsitsa katundu kuti awoloke pamadzi. Fodya ndi tiyi wa kuno zinkadzera njira imeneyi popita kunja, ndipo nsalu, makina ndi mafuta zinkabwera ndi njanji yomweyo. Chuma cha padokopo ndicho chidapatsa Apwitikizi, amene ankalamulira Mozambique nthawi imeneyo, chikhulupiriro choti Beira ungathe kukhala malo ochezerako anthu olemera a kumwera konse kwa Africa.

Ndi maganizo amenewo, kampani ya Companhia de Moçambique idamangitsa Grande Hotel m'dera la Ponta Gea, pafupi ndi gombe. Mmodzi mwa amisiri amene adajambula mapulani ake adali Francisco de Castro. Hotelayi idatsegulidwa chapakati pa zaka za m'ma 1950, ili ndi zipinda zogona zoposa 100, makonde okhotakhota oyang'ana kunyanja, makwerero aakulu, zikepe, holo yovinira ndiponso dziwe losambiramo lalikulu ngati la mipikisano ya Olimpiki. Munthu wakuda ankalowamo makamaka ngati wantchito: wophika, woperekera zakudya, wonyamula masutikesi kapena wopukuta pansi. Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alendo olemera amene ankayembekezeka sadabwere mokwanira. Azungu a ku Rhodesia amene ankadzapuma kunyanja ankakonda malo ogona otsika mtengo, ndipo chilolezo chotsegulira nyumba ya njuga, chimene chikadabweretsa ndalama, sichidaperekedwe. Hotelayi siidapindulepo, motero idatsekedwa m'chaka cha 1963 isadakwanitse ndi zaka 10 zomwe.

Chaka chimenechi n'chofunika kuchisunga bwino m'mutu, chifukwa dziko la Mozambique lidalandira ufulu wodzilamulira pa 25 June 1975, patapita zaka 12 chitsekereni hotelayo. Ufulu utabwera, asilikali ndi apolisi adakhalamo, ndipo zipinda zapansi zidasandukapo ndende. Kenaka kudabuka nkhondo yapachiweniweni pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, imene idatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992. Nkhondo imeneyi ndi yomwe idachititsa anthu oposa miliyoni imodzi kuthawira kuno ku Malawi, m'maboma monga Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza. Ena sadawoloke malire koma adathawira m'mizinda ya kwawo komweko, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mabanja ambiri adapeza pogona mu Grande Hotel. Nkhondo itatha ambiri sadabwerere kumidzi. Ana adabadwiramo, nawonso n'kuberekeramo ana awo, kotero kuti chiwerengero cha okhalamo chidapitirira 1,000.

Umphawi udachita zimene umachita kulikonse. Matabwa apansi adasanduka nkhuni. Mapaipi, mawaya, zitseko ndi magalasi zidazulidwa ndi kugulitsidwa. Madzi a m'mipope ndi magetsi zidasiya kufika. M'maenje modzera zikepe mudadzaza zinyalala, ndipo madzi a mvula osonkhana m'dziwe losambira lija adayamba kuchapidwira zovala. Pamodzi ndi zonsezi padakulanso moyo wa mudzi weniweni. M'makonde mudayamba malonda a tomato, nsomba ndi makala, padapezeka malo opemphereramo Akhristu ndi Asilamu, ndipo okhalamo adakhala ndi atsogoleri awo oweruza milandu ya tsiku ndi tsiku. Iyi ndiyo nyumba imene Tillim adaipeza.

Chifukwa chojambulira nyumba yotere isadagwe chimaoneka bwino munthu akakumbukira zimene zidachitikira hotela ina ya m'dziko lomwelo. Ku Maputo, m'mphepete mwa nyanja panjira yopita ku Costa do Sol, kudali chinyumba cha nsanjika zoposa 20 chotchedwa Quatro Estações. Chidayamba kumangidwa ulamuliro wa Apwitikizi uli pafupi kutha, ndipo eni ake adachisiya chosamaliza. Chidaima chomwecho zaka zoposa 30 popanda mlendo ndi mmodzi yemwe wolipira chipinda, mpaka m'chaka cha 2007 pamene chidagwetsedwa ndi zophulitsira m'kanthawi kochepa. Pamalopo padamangidwa ofesi ya kazembe wa dziko la America. Mwana wobadwa pambuyo pa 2007 sangadziwe maonekedwe a chinyumbacho koma kudzera m'zithunzi. Madzi akatayika saoleka. Motero ntchito yoyamba ya wojambula mabwinja ndi umboni, ndipo pa ichi chokha ayenera kuthokozedwa zina zonse zisadanenedwe.

Guy Tillim adabadwa ku Johannesburg m'chaka cha 1962. Adayamba ntchito yake m'zaka za m'ma 1980 ngati mtolankhani wa zithunzi pa nthawi ya ulamuliro watsankho, ndipo adali m'gulu la ojambula lotchedwa Afrapix. Pambuyo pake adajambula m'maiko mmene mudali nkhondo monga Angola ndi Congo. Buku la Avenue Patrice Lumumba adalikonza ndi thandizo lochokera ku Peabody Museum ya pa yunivesite ya Harvard, ndipo muli zithunzi za m'zaka za 2007 ndi 2008 zochokera ku Mozambique, Angola, Congo, Madagascar, Ghana ndi Benin. Dzina la bukuli lidachokera ku misewu ya m'mizinda yambiri ya mu Africa imene idatchedwa dzina la Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya dziko la Congo, amene adaphedwa mu January 1961. Posankha dzinali, wojambula akuuza wowerenga kuti nyumba zimene zili m'bukumo aziona pamodzi ndi maloto a ufulu amene anthu adali nawo, ndiponso zimene zidachitikira malotowo.

Chinthu choyamba chimene diso limazindikira m'zithunzi za Grande Hotel ndicho kuzizira kwa mitundu. Beira ndi mzinda wa dzuwa lowala, ndipo wojambula wofuna kukopa alendo akadaonetsa thambo lobiriwira ndi nyanja yonyezimira. Tillim adachepetsa kuwala kwa mitundu yonse. Simenti ikuoneka yotuwa ngati phulusa, zipupa zili ndi mizere yakuda ya chinyezi, ndipo ngakhale masamba a mitengo sakuwala monga achitira m'zithunzi za pakalendala. Zithunzi zake amazisindikiza papepala la thonje losanyezimira, zimene zimawonjezera kufatsa kumeneku. Zotsatira zake n'zakuti chithunzi sichikuwa. Sichimukoka munthu pamkono kuti adabwe kapena alire. Woyang'ana amakakamizika kuima ndi kuyendetsa maso pang'onopang'ono kuchokera pakona ina kufika pa ina, monga achitira mkulu uja pabwinja la kwawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wojambulayu kudekha ali nako.

Chachiwiri ndi pamene wojambula adaima. Atolankhani ambiri akafika pamalo a umphawi amayandikitsa kamera pankhope ya mwana wolira kapena pabala la wodwala, chifukwa zithunzi zotere zimagulitsa nyuzipepala. Tillim adabwerera m'mbuyo. Amapereka malo aakulu kwa nyumbayo, ndipo anthu, pamene aoneka, amakhala mbali imodzi chabe ya chithunzi, ali pa zochita zawo. Palibe amene akuonetsedwa ngati wopemphetsa. Munthu amene adaona zithunzi zambiri za Africa wa njala ndi nkhondo, zimene zidadzaza manyuzipepala a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, angamvetse kuti kudziletsa kumeneku ndi ulemu. Wojambula adakana kudya pa misozi ya anthu.

Chachitatu ndi mmene zithunzizi zimaonetsera nthawi. Amisiri adamanga nyumbayi ndi mizere yokhota bwino yofanana ndi ya sitima yapamadzi, ndipo mizere imeneyo ikadalipo. Koma pamwamba pake padalembedwa mbiri ina. Mitengo idamera m'ming'alu ya makonde ndi kuzika mizu yake m'simenti monga achitira kachere pamtengo unzake. Mazenera opanda magalasi adatsekedwa ndi chilichonse chimene chidapezeka, ndipo utsi wa mbaula udadetsa zipupa zimene kale zinkapakidwa utoto. Chithunzi chimodzi chimanyamula nthawi ziwiri, ya womanga ndi ya wokhalamo, popanda ina kufafaniza inzake. Wolemba mbiri amafunika masamba angapo kuti afotokoze zimenezi, pamene kamera yazionetsa pa tsamba limodzi. Apa ndi pamene luso la Tillim lafika pachimake.

Komabe mphamvu ya zithunzizi ndi yomwenso yabala kufooka kwake. Pansi pa chithunzi palibe mawu ena koma dzina la malo ndi chaka. Woyang'ana sauzidwa kuti hotelayi idatsekedwa liti, adaitseka ndani, kapena kuti anthu ali m'menemo adachokera kuti. Tsono munthu amafika pachithunzi atanyamula kale maganizo ake. Mzungu wokalamba amene adavinapo m'holo ya hotelayi, kapena mdzukulu wake amene adakula akumva nkhani za ubwino wa masiku a atsamunda, akhoza kuyang'ana makonde ogumukawo ndi kunena kuti: taonani zimene Aafirika adachita ndi chuma chimene tidawasiyira. Chithunzi sichidzamutsutsa. Chidzangokhala chete, ndipo iye adzayesa kuti chavomereza.

Koma mbiri ikumutsutsa. Grande Hotel idalephera m'manja mwa eni ake amene adaimanga, ulamuliro wa Apwitikizi udakali wolimba. Idalephera chifukwa idamangidwira anthu ochepa amene sadabwere, pakati pa anthu ambiri amene sankaloledwa kugonamo. Monga hotela idagwira ntchito zaka zosakwana 10, pamene monga pothawira ndi pokhala anthu osauka yagwira ntchito zaka zoposa 40. Kunena mosapsatira, nyumbayi yasunga anthu ambiri ili bwinja kuposa amene idasunga ili yatsopano. Mfundo imeneyi ndiyo mtima wa nkhani yonse ya Grande Hotel, ndipo m'zithunzi zokha munthu sangaipeze. Buku limene latenga dzina la Lumumba, munthu amene adafera ufulu, lidayenera kusamala kuti lisapereke mpata kwa olakalaka utsamunda kuti alitenge ngati umboni wawo.

Kufooka kwachiwiri kukukhudza kukongola kwenikweniko. Mlembi wa ku America, Susan Sontag, m'buku lake la On Photography la 1977, adachenjeza kuti kamera ili ndi chizolowezi chokongoletsa chilichonse chimene yaloza, ngakhale umphawi ndi kuwonongeka. Chenjezo limeneli likugwira ntchito pano. Mizere ya chinyezi pachipupa imaoneka ngati zojambula za mmisiri, koma kwa mayi amene amagoneka khanda pafupi ndi chipupa chimenecho ndi gwero la chifuwa. Makwerero opanda zogwirira amapanga chithunzi chochititsa kaso, koma kwa kholo ndi chinthu chosowetsa tulo. Madzi obiriwira a m'dziwe amakopa diso, pamene ndi momwe mumaswana udzudzu wa malungo. Kamera siimva fungo la zinyalala za m'maenje a zikepe, ndiponso siidziwa kulemera kwa ndowa ya madzi pamutu wa mtsikana amene akukwera nayo kupita kunsanjika yapamwamba. Munthu woima m'chipinda choonetsera zithunzi ku Cape Town, ku Paris kapena ku London, kumene ntchitoyi idaonetsedwa, akhoza kutuluka mtima uli m'malo, atasangalala ndi chinthu chimene chidayenera kumuvutitsa.

Kufooka kwachitatu ndi kusowa kwa maina. Pa ichi Tillim angaweruzidwe ndi ntchito yake yomwe. M'chaka cha 2006 adabwera kuno ku Malawi ndi kukhala masiku angapo m'mudzi wina wa m'chigawo chapakati, dziko likungotuluka kumene m'njala ya 2005. Zithunzi za ulendo umenewo zidatuluka ndi dzina loti Petros Village. M'menemo anthu a m'mudzi akuyang'ana kamera maso ndi maso, ndipo ambiri adalembedwa maina awo pansi pa zithunzi. Munthu wotchulidwa dzina amasiya kukhala chitsanzo cha umphawi. Amakhala uje mwana wa auje, amene angathe kufunsidwa ndi kuyankha. Mu Grande Hotel zinthu zatembenuka. Dzina lili ndi nyumba, anthu alibe. Pa chikhalidwe cha kuno, mlendo akafika pakhomo amayamba waodira, napatsidwa mpando, nalonjeredwa, ndipo pochoka amadziwa kuti adali kwa yani. Zithunzi za ku Beira zimaoneka ngati za mlendo waulemu ndithu, wosasokoneza kanthu, koma amene adachita chidwi ndi nyumba kuposa eni nyumba.

Kusiyana kumeneku kumaoneka bwino poyerekeza ndi kanema wa Licínio Azevedo wotchedwa Hóspedes da Noite, wa m'chaka cha 2007. Azevedo adabadwira ku Brazil koma wakhala ku Mozambique kuyambira m'zaka za m'ma 1970. M'kanemayu amuna awiri amene kale adali antchito a pahotelayi akubwerera kudzayendamo, nakumbukira mmene zipinda zidalili, uku akudutsa pakati pa mabanja amene akukhalamo. Awa ndiwo akulu aja odziwa kuwerenga bwinja. Kudzera mwa iwo, woonera amamva za ulemerero wakale kuchokera pakamwa pa amene ankanyamula mbale, osati pa amene ankadyera m'mbalezo. Amaonanso kuti malo amene kwa wina ndi chikumbutso, kwa wina ndi kwawo. Kanemayu ali ndi chimene zithunzi za Tillim zikusowa, ndicho mawu a anthu.

Chilungamo chikufuna kuti mbali ya wojambula imvekenso. Chithunzi si buku la mbiri, ndipo sichingasenze katundu yense. Wojambula amene amalemba ndime yaitali pansi pa chithunzi chilichonse amakhala ngati mphunzitsi amene amafunsa funso n'kudziyankha yekha ophunzira asadaganize. N'kutheka kuti Tillim adasiya dala malo opanda mawu kuti woyang'ana adzifunse yekha ndi kukafufuza. Ndiponso dzina la buku lonse ndi mawu okwanira kwa munthu wodziwa mbiri ya Africa, pakuti limaloza ku maiko akunja amene adatengako mbali pa imfa ya Lumumba ndi pa nkhondo zimene zidatsatira ufulu. Kuwonjezera apo, kutchula maina a anthu okhala m'nyumba imene si yawo mwalamulo kungathe kuwaika m'mavuto. Zifukwa zimenezi n'zomveka. Koma zimagwira ntchito kwa woyang'ana amene ali kale ndi chidziwitso kapena mtima wofufuza. Woyang'ana wamba, amene amapatsa chithunzi kamphindi kochepa, amachoka ndi maganizo omwe aja adabwera nawo.

Palinso funso la phindu limene wounika sayenera kulilumpha. Zithunzi za akatswiri otchuka zimagulitsidwa ndalama zambiri m'maiko olemera, ndipo Grande Hotel yajambulidwa ndi anthu ambiri ochokera kunja, ena aluso, ena ongodutsa. Aliyense amafika, najambula, napita. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Otsala ndi omwe aja, ndi denga lomwe lija lodontha. Sikuti wojambula ali ndi udindo womangira anthu nyumba, pakuti imeneyo ndi ntchito ya boma. Koma pamene umphawi wa anthu ena wasanduka chuma ndi mbiri yabwino ya anthu ena, n'koyenera kufunsa ngati ojambulidwawo adaonapo zithunzi zawo, ndiponso ngati adavomera kuti dziko lonse lisuzumire m'zipinda zawo zogona.

Nkhani yogwetsa Grande Hotel kapena kusamutsa okhalamo yakhala ikumveka kwa zaka zambiri, pakuti simenti yokhala pafupi ndi madzi amchere imafumbwa ndipo zitsulo za m'kati mwake zimachita dzimbiri. Mu March 2019 namondwe wa Idai adagwera mzinda wa Beira ndi kusasula madenga a nyumba zambirimbiri. Mvula ya nyengo yomweyo idasefukiranso m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa. Chinyumba chakalecho chidapirira namondweyo. Komabe nyumba iliyonse ili ndi tsiku lake, ndipo la Grande Hotel likadzafika padzakhala kusiyana kwakukulu ndi zimene zidachitika ku Maputo. Quatro Estações idagwa yokha ndi fumbi lake. Grande Hotel ikadzagwa, mudzi wathunthu udzafunika kopita. Pa tsiku limenelo zithunzi za Tillim zidzakhala zamtengo wapatali, chifukwa zidzasunga maonekedwe a makonde ndi makwerero. Koma mdzukulu wa munthu amene adabadwira m'chipinda china cha m'menemo akadzatsegula bukulo kufuna agogo ake, adzapeza nyumba yokha.

Wophunzira angatolepo njira yowerengera chithunzi chilichonse cha bwinja, chikhale cha hotela ya kunyanja, cha siteshoni ya sitima yosiyidwa kapena cha nyumba yakale ya pa boma. Ayenera kufunsa kuti adamanga nyumbayo ndani, ndipo adamangira yani. Ayenera kufufuza chaka chimene idasiya kugwira ntchito ndi chifukwa chake, asadaloze chala munthu aliyense. Ayenera kuona pamene wojambula adaima, chimene adalowetsa m'chithunzi ndi chimene adasiya kunja, pakuti kamera imaonetsa mbali imodzi yokha ndipo kumbuyo kwa wojambula kumakhalanso dziko. Pomaliza ayenera kudzifunsa ngati anthu amene ali m'chithunzimo akadakondwa kuonedwa chomwecho. Chithunzi chimaoneka ngati chinthu chosanama chifukwa chimachokera m'makina, koma makinawo amalozedwa ndi munthu, ndipo munthu amasankha.

Zithunzi za Grande Hotel za m'buku la Avenue Patrice Lumumba ndi ntchito ya mmisiri wokhwima. N'zofatsa, sizinyoza munthu, ndipo zimaphunzitsa diso kuona zaka zambiri pachipupa chimodzi. Zasunga umboni umene tsiku lina sudzapezekanso kwina. Koma ndi umboni wa mboni imodzi, imene idaona bwino nyumba koma siidafunse mokwanira eni ake. Pabwalo la milandu mfumu yanzeru siigamula itamva mboni imodzi yokha, ngakhale mboniyo ikhale yodziwa kuyankhula. Choncho zithunzizi ziyenera kuonedwa pamodzi ndi mbiri ya chaka cha 1963, ya nkhondo imene idatha mu 1992, ndiponso mawu a anthu amene kwa iwo Grande Hotel ndi kumudzi. Woyang'ana akadziwa zimenezi, zovala zoyanikidwa pakhonde la hotela ya atsamunda zimasiya kuoneka ngati chizindikiro cha kuwonongeka, ndipo amazindikira kuti pakhomopo pali mayi amene wachapa m'mawa, amene madzulo adzabwera kudzazianula.